Ulendo wokwera Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje

Sapitwa ndiye malo okwera koposa onse m'Malawi. Nsongayi ili pakati pa phiri la Mulanje, pa mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja ya mchere. Ku Zambia, ku Mozambique ngakhale ku Zimbabwe kulibe phiri lofika pamenepo: Nyangani wa ku Zimbabwe amalekeza pa mamita 2,592, Binga wa ku Mozambique pa 2,436. M'dziko muno, Nganda wa ku Nyika wangopitirira pang'ono mamita 2,600, pomwe phiri la Dedza, limene apaulendo a mumsewu wa M1 amaliona ngati lalitali zedi, lili pa 2,198. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050. Ndiye kuti munthu wa ku Area 25 mumzindawu akaima pa Sapitwa amakhala ali pafupifupi makilomita awiri pamwamba pa denga la nyumba yake, ndipo kusiyana kumeneku kumasintha mpweya, kuzizira, zomera, ngakhale nthawi imene nyemba zimatenga kuti zipse.

Mulanje si phiri limodzi losongoka monga Bunda kapena Nkhoma. Ndi chimulu cha matanthwe chotenga malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 650, chimene chimadzuka mwadzidzidzi pa chidikha cha Mulanje ndi Phalombe, pomwe nthaka ili pa mamita 600 mpaka 700 okha. Kakhalidwe kake kali ngati ka nyumba yosanja katatu. Pansi pali zitunda zoima ndi maphompho, zokutidwa ndi nkhalango paliponse pamene nkhwangwa sinafike. Pakati, pa mamita 1,800 mpaka 2,200, pali zigwa zotakasuka za udzu monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Ruo, zimene munthu woyang'ana ali pansi sangaganize n'komwe kuti ziliko. Pamwamba pa zigwazi mpamene pamayambira nsonga za miyala yokhayokha, pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500: Nakodzwe, Dzole, Namasile, Matambale, Nandalanda, Chambe ndi zina, Sapitwa ndiye mkulu wa zonse. Kumpoto chakum'mawa kuli phiri la Michesi, lolekana ndi linzakeli pa mpata wa Fort Lister, pomwe Angerezi adamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya amalonda a akapolo opita kugombe la Quelimane.

Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo chiphalaphala chotentha chidakwera kuchokera pansi pa dziko koma sichidaphulikire kunja. Chidazizirira mkati mwa nthaka n'kusanduka mwala wolimba wa mitundu ya granite ndi syenite. Miyala yofewa imene idachikuta idakokoloka pang'onopang'ono, wolimbawo n'kutsala poyera. N'chifukwa chake makoma a Mulanje ndi osalala chotere. Khoma la kumadzulo kwa Chambe, looneka bwino mumsewu wa ku Phalombe, ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo okwera matanthwe ndi zingwe amaliwerengera kuti ndilo lalitali koposa mu Africa. Njira ya ku Sapitwa siifuna zingwe. Imafuna miyendo, manja ndi nyengo yabwino.

Pa zitatuzi nyengo ndiyo imalamula. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. M'mawa wa mu Juni umene anthu a ku Area 25 amaima pa siteji ya minibasi manja ali m'khwapa, pa zigwa za pamwamba pa Mulanje udzu umakhala utayera ndi chisanu, ndipo madzi ogona panja m'beseni amatha kuundana pamwamba. Kuzizira kokhako n'kopiririka. Kumaopsa kukakumana ndi chinyezi. Mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya India ikaomba phirili imakakamizika kukwera, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza yotchedwa chiperoni, imene imatha kukhala masiku angapo osakanganuka. Imabwera makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, miyezi yomweyo imene kumwamba kumayera bwino koposa, ndipo imatseka phiri m'kanthawi kochepa. Mbali ya kummwera, komwe kuli minda ya tiyi, imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, kuwirikiza kawiri ya ku Lilongwe. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ndipo matanthwe amaterera. Seputembala ndi Okutobala ndi youma ndi yofundirako, kungoti utsi wa moto wolusa umaphimba dziko, munthu n'kuvutikira nsonga yoti akafika saona kutali. Choncho ambiri amakwera pakati pa Meyi ndi Okutobala, aliyense atasankha vuto limene angalipirire.

Kukonzekera kuchokera ku Lilongwe

Wokhala ku Area 25 amayamba ndi vuto lakuti Lilongwe ndi wa chidikha. Munthu akhoza kuyenda wapansi tsiku ndi tsiku kuchokera pa Nsungwi kukagwira ntchito ku Kanengo osakumana ndi chitunda chomutulutsa thukuta. Kuyenda koteroko kumalimbitsa mtima koma sikuphunzitsa mawondo kutsika, pomwe kutsikako ndiko kumamaliza anthu ku Mulanje. Mwayi wake, mapiri oyeserera ali pafupi. Bunda, pafupi ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, amatheka m'mawa umodzi, ndipo thanthwe lake lopendekeka limaphunzitsa phazi kudalira mwala. Nkhoma, kokhotera pa Kamphata, ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo chakunsonga kwake kumafuna manja monga momwe Sapitwa amafunira. Dedza amaphunzitsa kuzizira. Amene wakwera atatuwa atabereka chikwama cholemera, n'kudzuka mawa lake akutha kuyenda bwinobwino, wakonzeka mokwanira.

Zovala zambiri zofunika zimapezeka pa kaunjika, kaya pa Nsungwi pomwepo kapena ku msika wa Tsoka m'tauni, bola wogula adziwe chimene akufuna: jekete losalowa madzi, juzi yokhuthala, chipewa chofika m'makutu, magolovesi, masokosi angapo ndi chofunda chogonamo chotseka ndi zipi. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma msanga ndipo zimakoka kutentha kwa m'thupi. Nsapato ikhale yogwira pansi komanso yoti phazi lidaizolowera kale, chifukwa yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwelo. Tochi isaiwalike, makamaka yovala pamutu. Pa phiri palibe golosale, kotero ufa, mpunga, usipa, nyama ya soya, mchere, shuga, masamba a tiyi ndi mtedza wokazinga zimanyamulidwa kuchokera pansi.

Ulendo wa pa galimoto umadya tsiku lathunthu. Kuchokera ku Lilongwe basi imadutsa ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, mtunda wopitirira makilomita 300, kukafika ku Blantyre. Pa Limbe munthu amakwera minibasi ya ku Mulanje, yodzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, n'kutsika pa Chitakale. Apa pamatsala makilomita pafupifupi 10 mumsewu wa ku Phalombe kukafika pa Likhubula, ndipo akabaza a njinga zamoto sasowa. Kuphatikiza tsiku lopita, lobwerera ndi masiku atatu kapena anayi a m'phiri, ulendo wonse umafuna masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Wopempha tchuthi aonjezerepo limodzi la chiperoni.

Kuchokera pa Likhubula

Phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo pa Likhubula pali ofesi ya nthambi ya boma yoona za nkhalango. Apa alendo amalembetsa maina, kulipira polowera ndi pogona, n'kupeza wolondolera njira ndi onyamula katundu, amene kumeneko amangoti magaidi ndi mapota. Ambiri ndi anyamata ndi abambo a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ndipo amalandira alendo mosinthana. Achinyamata ena a m'tauni amaona ngati kulemba munthu wonyamula katundu n'kwa azungu kapena kwa aulesi. Kumeneko n'kudzinamiza. Pota amachotsa pamsana pa mlendo katundu amene akadamufoola asanafike ndi pakati pomwe, ndipo gaidi amadziwa zimene mapu sangauze munthu: mtsinje wooloka ndi wosaoloka, mtambo wongodutsa ndi wodzagona. Mphamvu za anthuwa zimaonekera pa mpikisano wa Porters' Race, wochitika chaka ndi chaka mu Julayi. Othamanga amakwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20, ndipo opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo, pomwe mlendo wamba angatengepo masiku awiri.

Njira zopita ku chigwa cha Chambe n'ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoima. Idatenga dzina ku chingwe chachitsulo chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera ku Chambe. Ya Chapaluka ndi yaitali koma yopumirako, ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pomwe madzi amagwa kuchokera pa thanthwe n'kulowa m'dziwe lakuya, lozizira ngakhale mu Okutobala, limene lidamizapo anthu. Njira zonse ziwiri zimakwera mamita pafupifupi 1,000 m'maola atatu kapena anayi. Poyambirira munthu amadutsa m'mitengo yodziwika ya mombo ndi masuku, dzuwa likuswa mtengo, akupatukira amayi otsika atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Kenaka mitengo imafupika, m'makwawa mumayamba nkhalango yobiriwira chaka chonse, mphepo imasintha, ndipo thukuta lija limayamba kuzizira pamsana. Pamenepo mpofunika kuvala juzi munthu asanayambe kunjenjemera. Mayendedwe oyenera ndi a pang'onopang'ono koma osaimaima.

Pamwamba pa phiri pali nyumba zogona alendo pafupifupi 10, zotalikirana maola angapo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, kuphatikizapo ya mpingo wa CCAP ku Lichenya. Zambiri ndi zamatabwa, zokhala ndi khonde ndi posonkha moto mkati. Iliyonse ili ndi mlonda amene amatunga madzi ndi kubweretsa nkhuni, ndipo bungwe la Mountain Club of Malawi limathandiza boma kuzisamalira. Magetsi a ESCOM sadafikeko. Madzulo onse amaunjikana pa moto, nsapato zonyowa zitandandalikidwa pambali, masokosi akutuluka nthunzi, poto wa nsima ali pakati. Apa wophika amaona chodabwitsa. Pa mamita 2,000 madzi amawira asanafike madigiri 100, amalekeza cha pa 93, kotero nyemba zouma zimadya nkhuni zambiri zisanafewe. Odziwa amanyamula usipa ndi soya pa chifukwa chimenechi. Chakudya chosiyidwa pakhonde chimapita ndi makwangwala a khosi loyera, amene kuboola jumbo sikuwavuta.

Fungo la m'nyumba zakalezi ndi la mkungudza, mtengo wosamera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi kupatula pa Mulanje. Asayansi amautcha Widdringtonia whytei, potengera dzina la Alexander Whyte amene adatola zitsanzo zake m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Umatalika mpaka mamita 40, thabwa lake silidyedwa ndi chiswe ndiponso siliola msanga, ndipo ubwino umenewu ndiwo udauphetsa. Ocheka matabwa, achilolezo ndi akuba omwe, adaugwetsa kwa zaka zoposa 100, matabwa akutsika phiri pamitu pa anthu, pomwe moto wolusa unkapha timitengo tophukira. Timabokosi tonunkhira togulitsidwa pa misika ya ziboliboli ku Lilongwe ndi ku Blantyre timachokera ku mtengo womwewu. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaimirira, ndipo chaka chotsatira nayonso idali itapita. Wokwera phiri lero amaona zitsa ndi zikuni zotuwa, komanso mbande zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akudzala zikwizikwi. Mkungudza umakula mochedwa, ndipo moto wa tsiku limodzi umafafaniza ntchito ya zaka zingapo.

Tsiku lachiwiri ndi lopepukirapo: maola atatu kapena anayi kuchokera ku Chambe kupita ku Chisepo, kudutsa pa kamtunda kopapatiza kotsetsereka mbali zonse ziwiri. Limeneli ndilo tsiku loona dziko. Udzu wake ndi womera m'magulumagulu, pakati pake pali maluwa oyera ndi achikasu osafota ngakhale atauma, ndi timitengo ta masamba ang'onoang'ono olimba, topirira chisanu ndi mphepo. Pa matanthwe pamamera cheyo, chomera cha tsinde lakuda laulusi chimene anthu amapangira matsache. Nkhalango zatsala m'makwawa mokha momwe moto sufika, mitengo yake italendewera ndere zotuwa. Paini wa ku Mexico, amene atsamunda adadzala ku Chambe kuti azichekako matabwa, adafalikira yekha n'kuyamba kulanda malo a zomera za pomwepo, mpaka padafunika ntchito yomugwetsa. Nyama zikuluzikulu n'zosowa chifukwa cha misampha ndi agalu a alenje. Zooneka kawirikawiri ndi anyani ndi apusi chakumunsi, mbira pa miyala, ndipo wamwayi amaona chinkhoma chitaima pa mwala. Phirili lilinso ndi mitundu ya abirimankhwe, achule ndi agulugufe yosapezeka kwina kulikonse.

Nyumba ya Chisepo ili pa mamita pafupifupi 2,200, m'tsinde mwenimweni mwa Sapitwa, ndipo kucheza kwa madzulo pamenepa sikuchedwa kukhotera ku mizimu. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili akhala akulitenga ngati mudzi wa mizimu ya makolo, ndipo m'malo ena, kuphatikizapo pa Dziwe la Nkhalamba, munkathiridwa nsembe. Akuluakulu amasimba za chakudya chimene wapaulendo wanjala amachipeza chitakonzedwa kale, choti adye yekha osaitana mnzake, osatengako kunyumba. Amasimbanso za Akafula, anthu afupiafupi amene adali eni dziko Amaravi asanafike, ndi za anthu olowa m'nkhungu osabwereranso. Munthu akhulupirire kaya asakhulupirire, malamulo otuluka m'nkhanizi ndi omwewo amene wodziwa mapiri kulikonse angapereke: osayenda wekha, osapatuka pa njira, osachita chibwana, osalimbana ndi nkhungu.

Tsiku la nsonga

Kuchokera pa Chisepo pamatsala mamita pafupifupi 800 okwera, ndipo kupita ndi kubwera kumatenga maola 6 mpaka 8, kwa ena kuposerapo. Anthu amanyamuka mbandakucha, katundu wolemera atasiyira mlonda, m'chikwama muli madzi, kamba, jekete ndi tochi basi. Gaidi akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ayi, nkhani imathera pomwepo.

Chigawo choyamba ndi matanthwe aatali opendekeka, opanda pogwira. Pouma nsapato imamata bwino, ndipo munthu amakwera chowerama, zikhatho zili pa mwala wozizira. Ponyowa thanthwe lomwelo silikwereka, ndipo kutsika kwake n'koopsa koposa. Mivi ndi madontho a penti yofiira pa miyala ndizo zimalozera njira, koma m'nkhungu munthu akhoza kuima pa chizindikiro chimodzi osaona chotsatira, ngakhale chili mikono yowerengeka patsogolo pake. Pamwamba pa matanthwewa njira imalowa m'chipwirikiti cha zimiyala zosanjikizana mwachisawawa, pakati pake pali timitengo topindikapindika tokutidwa ndi ndere zonyowa. Apa munthu amakwawa, amadzikoka ndi mizu, amadumpha ming'alu imene pansi pake sipaoneka, ndipo pena amavula chikwama n'kupatsira mnzake kuti iye adzipanikize m'kampata kongokwana thupi. Mawondo a buluku amada, zikhatho zimasupuka. Mpweya nawo wachepa: pa mamita 3,000 kupuma kumodzi kumalowetsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a okosijeni amene munthu amapeza m'mbali mwa nyanja ya mchere. Mtima umagunda msanga, ena mutu umawawa, ena amachita nseru. Zikakula, mankhwala ake n'kutsika. Chofooketsa china n'chakuti nsonga yeniyeni siioneka mpaka kumapeto. Kangapo konse wokwera amayesa wafika, n'kupeza kuti kuseri kuli chimwala china chachitali.

Pa nsonga pali malo ochepa, thanthwe ndi chipilala cha opima dziko, ndipo mphepo siileka. Kukayera, kumpoto kumaoneka chidikha cha Phalombe ndi nyanja ya Chilwa, chakumadzulo kwake mapiri a Zomba ndi Chiradzulu, kummwera minda ya tiyi, amene adayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo kum'mawa mapiri a ku Mozambique amandandalikana mpaka kuzimiririka. Nthawi zina, makamaka m'mawa, pansi ponse pamakhala mitambo yokhayokha, Nakodzwe ndi nsonga zinzake zitangotumphuka pamwamba pake. Alendo ena amagona komweko pansi pa miyala kuti aone dzuwa likutuluka, koma zimenezo zimafuna zofunda zenizeni. Ambiri amangodya, kujambula zithunzi n'kutembenuka dzuwa lisanapendeke.

Ngozi zambiri za m'mapiri zimachitika potsika, miyendo itatopa, mtima uli kale kunyumba. Pa matanthwe opendekeka aja ambiri amatsika chokhala, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Mbiri ya Mulanje ili ndi anthu amene sadabwerere. Mu 1949 Fred France, woyang'anira nkhalango ku Chambe, adakokoloka pooloka mtsinje wodzaza kumtunda kwa Ruo. Laurens van der Post, amene adali naye pa ulendowo, adalemba za imfayi m'buku la Venture to the Interior. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands adanyamuka yekha kupita ku Sapitwa ndipo sadapezekenso. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil adasiya womulondolera n'kupitirira yekha atavala zopepuka. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patatha pafupifupi milungu itatu. Nkhani yake ili mufilimu ya mu 2017 yotchedwa Gabriel e a Montanha.

Chimene chimapha pa malo otere nthawi zambiri ndi kuzizira. Munthu wonyowa, wanjala ndi wosochera amayamba kunjenjemera, kenaka kusokonezeka maganizo ndi kuodzera. Woteroyo amafunika kumuvula zonyowa, kumufunditsa, kumuchotsa pa mphepo ndi kumupatsa chakumwa chotentha cha shuga, osati mowa. Netiweki ya foni imagwira pena ndi pena, ndipo wovulala amatsitsidwa ndi anthu pa machira, ntchito ya maola ambiri. Aliyense wokwera asiye mbiri kunyumba ndi ku ofesi ya Likhubula ya njira imene wadzera ndi tsiku limene akuyembekeza kutsika.

Madzi a phiri

Kutsika kuchokera pa Chisepo mpaka pa Likhubula kumatenga pafupifupi tsiku lonse, ndipo njira yake imaoloka timitsinje tambirimbiri. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Muloza, Phalombe ndi Sombani yonse imayambira pamwamba pa phirili. Ruo amachita malire a Malawi ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Madziwa amathirira tiyi, amayenda okha m'mapaipi kupita m'midzi popanda pampu, amazunguza makina ang'onoang'ono a magetsi monga a ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya, ndipo bungwe la Blantyre Water Board limatunga ena pa Likhubula kupititsa mumzinda. Madzi omwewa akachuluka amasanduka napolo. Mu Malichi 1991 matope ndi miyala zochokera ku Michesi zidakwirira midzi ya ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumulanso mapiri a Mulanje ndi Phalombe. Zipsera zake zimaonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yotuwa yotsika kuchokera kumwamba mpaka m'minda. Mvula yoteroyo ikhoza kugumula ngakhale malo a nkhalango, koma pomwe mitengo idatha ndi makala ndi nkhuni nthaka imalephera msanga.

Bungwe la UNESCO lidazindikira phirili mu 2000 ngati malo a chilengedwe ofunika kusamalidwa pamodzi ndi anthu okhala mozungulira. Mu Julayi 2025 lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, kukhala malo achitatu m'Malawi pambuyo pa Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za Chongoni mu 2006. Pansi pa udzu wa ku Lichenya pali miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ndipo nkhani yoikumba imabuka kawirikawiri. Mafumu ndi anthu ambiri a m'boma la Mulanje akhala akuikana, poopa kuti migodiyo ingaononge magwero a madzi amene midzi ya m'tsinde mwa phiri imamwa.